Mibulu Isanu ndi Iwiri Yotsala M'botolo

Pa depoti ya mabasi opita ku Yendi amanditcha Wailesi. Dzina langa ndi Barikisu, koma olitchula ndi amayi anga okha, ndipo amayiwo ndimaonana nawo pa chikondwerero cha Idi basi. La Wailesili anayambitsa ndi azakhali anga, a Sanatu, ati ndikatsegula pakamwa m'mawa wotseka amasowa mpaka dzuwa kulowa. Sindikukana ayi. Si ndine kodi ndinayamba kudziwa kuti mkazi wamng'ono wa Iddrisu dalaiva wathawira ku Kumasi ndi wosoka nsapato, mwini wake ali pamsika akumusankhira nsalu? Nkhani ikalowa m'khutu mwanga siigona, imakwera basi tsiku lomwelo. Ndiye mumve za imodzi yokha imene ndinaigoneka miyezi isanu.

Azakhali a Sanatu ndi alongo awo a bambo anga. Ananditenga kumudzi ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, monga amachitira kwathu ndi mwana wamkazi, kuti akulire m'manja mosanyengerera. Iwo anabereka ana awiri, onse anapita akadali akhanda, kenako amuna awo anatsatira. Tinatsala awiriwiri m'chipinda chimodzi ku Tamale kuno, pakhomo pa mabanja asanu ndi anayi. Sukulu ndinalekezera kalasi yachinayi, chifukwa mphika wa koko sudikira kuti munthu aweruke. Koko wathu ndi phala la mawere lowawasa bwino, la jinja ndi tsabola wambiri, ndipo madalaiva ankati akamwa makapu awiri amafika ku Yendi osasinza. Azakhali ndiwo anali magajiya, mkulu wa amayi onse ogulitsa pa depotipo. Awiri akakanganirana malo ankabwera kudzanyonyomala pamaso pawo, mlandu n'kuthera pomwepo. Munthu wotero sasekedwa pagulu.

Matenda anayamba nyengo ya mphepo yafumbi. Mapazi anatupa mpaka patapata anakana kulowa, kenako miyendo yonse. Kuchoka pakhomo kufika pamsewu ankaima kawiri, akunamizira kukonza mpango wakumutu. Kugona chagada kunakanika, ankagona chotsamira matumba a mawere. Kuchipatala chachikulu anati mtima wakula ndipo watopa, sukupopa mokwanira, n'chifukwa chake madzi akudikha m'thupi. Anatipatsa mabotolo atatu. Kambulu koyera kanali kochotsa madzi, kapinki kanali kopeputsira mtima ntchito, ndipo kachikasu ndinaiwala ntchito yake. Uliwonse m'bulu umodzi m'mawa. Anatipatsanso khadi lachikasu n'kuti tizibwera Lachitatu pakatha milungu inayi iliyonse, mabotolo ali m'manja.

Za mabotolozo tinazimvetsa tsiku lomwelo, chifukwa tebulo la Sisita Dzifa lili pakhonde, maso a benchi yonse ali pomwepo. Sisita Dzifa ndi namwino wa odwala mtima, wochokera kumwera, ndipo chiyankhulo chathu amachiyankhulira m'mphuno. Akuti ali ndi mwamuna ku Ho, koma palibe anamuonapo, ndipo mphete imene amavala ine ndikuiona ngati yogula yekha. Ntchito yake inali kuwerenga. Amakhuthulira mibulu yotsala pakathireyi, n'kumaikankha isanuisanu ndi kamtengo kaphanthiphanthi, kenako amalemba nambala pakhadi. Tsiku limenelo patsogolo pathu panali a Afa Seidu, mkulu wophunzitsa ana Korani kudera lathu, ndevu zoyera mpaka pachifuwa. Botolo lawo linapezeka ndi mibulu yochuluka. Sisita analikweza m'mwamba n'kuligwedeza ngati chisekese.

"Abambo, imeneyi mukusungira mbewu? Mudzala liti, mvula yoyamba?"

Benchi yonse inaseka, ine ndinasekanso, ndipo madzulo ake depoti yonse inali itamva. Azakhali sanaseke. Anakokera mpango kumaso n'kunong'ona kuti Mulungu awatenge kaye zimenezi zisanawachitikire.

Masiku oyamba ankamwa bwinobwino. Koma kambulu koyera kaja n'kopanda ulemu. Kamayamba ntchito dzuwa likamatuluka, nthawi yeniyeni imene koko amayenda malonda, ndipo chimbudzi cha pa depoti chili kuseri kwa benchi ya madalaiva. Upite, ubwere, usambe m'manja, makasitomala adikire, usanathire makapu atatu n'komwekonso. Madalaiva ndi anthu opanda chochita basi ikamadikira kudzaza. Iddrisu uja anayamba kuwerenga mokweza.

"Mma Sanatu, aka n'kachisanu. Kodi kumeneko mwatsegulako malo ena ogulitsira?"

"Ndikukasaka mkazi wako," anatero azakhali osatembenuka, "mwina anagweramo."

Tsiku limenelo opambana anali azakhali. Koma tsiku lakhumi basi ziwiri zinkadzaza nthawi imodzi, mzere wa makapu unali wautali, ndipo azakhali anadzilimbitsa kuti amalize kaye. Ndinangoona aima njii, chikombe chili m'mwamba, nsalu yawo ikuda kuyambira m'mawondo kutsika. Ndinagubuduza dala chidebe chotsukiramo makapu, madzi n'kuwakhuthukira kumapazi, ndipo azakhali anandikalipira mokweza kuti ndine wosasamala. Tinasewera bwino awirife. Koma Iddrisu sananene kanthu, dalaiva aliyense anayang'ana kwina, ndipo m'mene kunakhalira zii m'mene tinadziwira kuti onse aona.

Kuyambira pamenepo koyera anakasiya. Ndinawauza kuti bwanji azikamwa madzulo. Anayesa kawiri, koma chimbudzi cha pakhomo n'chimodzi mabanja onse aja, ndipo magajiya sangaime pamzere ndi ana kasanu anthu akudya. Kapinki nakonso anakasiya atachita chizungulire mphika uli pamutu, kachikasu n'kutsatira. Anatsala n'kumamwa Lachisanu lokha, tsiku losagulitsa, m'bulu umodziumodzi, akuti kuti mankhwala asawaiwale.

Lachiwiri masana, mawa lake kuli kuchipatala, anandiitana n'kundipatsa mabotolo atatu aja kuti ndikakhuthule onse m'chimbudzi. Apa m'pamene khutu langa linatipweteka. Tsiku lija pabenchi ndinali nditamva mayi wina wa ku Savelugu akuuza mnzake kuti Sisita ndi wochenjera, masiku ndi 28 koma amaika mibulu 35. Wobwera ndi botolo lopanda kanthu amagwidwa pomwepo kuti wataya. Womwa mokhulupirika amatsala ndi isanu ndi iwiri, osapitirira, osachepera. Nditafotokoza, azakhali anandiyang'ana nthawi yaitali, kayang'anidwe kamene sanandiyang'anepo chinditengereni kumudzi, n'kunena kuti kani sukulu ija sinapite pachabe.

Ndinasangalala, ndisaname. Ndinatenga mbale yoyera, ndinawerenga isanu ndi iwiri katatu, ndinabwezera m'mabotolo, yotsalayo ndinaikulunga m'pepala n'kukaponya. Pobwera ndinati chimbudzi chathu ndicho chikhale ndi mtima wamphamvu m'Tamale monse muno. Azakhali anaseka mpaka kutsokomola, ndipo chifuwacho chinatenga nthawi kuti chileke.

Lachitatu Sisita anakankha mibulu ndi kamtengo kake. Isanu ndi iwiri, isanu ndi iwiri, isanu ndi iwiri. Analemba 100 pakhadi, kutanthauza kuti amwa osaphonya, n'kuzunguliza ndi cholembera chofiira. Mwezi wachiwiri chimodzimodzi, ndipo ulendo umenewu anawaimiritsa azakhali pamaso pa benchi yonse kuti anthu aone mayi wosaphunzira koma wodziwa kusamala moyo wake. A Afa Seidu analipo, anayang'ana pansi. Kuyambira apo azakhali sankakhalanso pamzere, Sisita ankawakodola akangofika. Pobwerera anandigulira nyama yootcha, ndipo anayenda msewu wonse wa chipatala mutu uli m'mwamba, ngakhale anaima kanayi kukonza mpango.

Chimene sitikanatha kuchinamiza ndi sikelo. Mwezi uliwonse inkakwera. Dokotala wawo anali a Abukari, wachinyamata, wowonda ngati sadya, amene anamwino onse osakwatiwa ankamubweretsera chakudya iye osazindikira chifukwa chake. Ankadinikiza chala pamwendo wa azakhali, pamalopo n'kutsala kadzenje kosabwerera. Amayang'ana kadzenjeko, amayang'ana khadi, amayang'ananso kadzenje. Mwezi wachiwiri anati mankhwala akuchepa mphamvu, koyera kakhale kawiri patsiku. Mwezi wachitatu anasintha kapinki n'kupereka kokulirapo. Wachinayi koyera kanafika mibulu inayi patsiku, kachikasu iwiri. Masamu anga ankasintha nawo. Ndinkalemba ndi khala kuseri kwa chitseko, masiku asanu ndi awiri owonjezera kuchulukitsa ndi mibulu ya patsiku, ndipo sindinaphonyepo ngakhale kamodzi. Kapepala kopita kuchimbudzi kanasanduka kathumba.

Pa ulendo wachinayi womwewo adokotala anaika cholembera pansi n'kutembenukira kwa ine. Ndinali nditanyonyomala pafupi ndi chitseko monga achitira mwana akulu akamayankhula.

"Iwe mtsikana, ndiwe umakhala nawo. Mankhwalawa amamwadi masiku onse?"

Azakhali sanandiyang'ane. Ankangosalaza nsalu pabondo pang'onopang'ono. Mwana woleredwa kwa azakhali akawachititsa manyazi pamaso pa mwamuna wachilendo amabwezedwa kwa bambo ake ndi kamtolo pamutu, ndipo mudzi wonse umati amayi ake anabereka choipa. Zimenezi sanachite kundiuza, ndinakula ndikuzidziwa.

"Amamwa, adokotala," ndinatero. "Ndimawapatsa ndine ndi dzanja langa."

Mawu achiwiriwo palibe anandifunsa. Ndi pakamwa panga chabe, pamene sipatha kupereka nkhani yopanda mchere. Adokotala anagwedeza mutu, anapuma mozama, n'kulemba mibulu inayi ija.

Panjira ndinayesa. Ndinati Azakhali, bwanji tingowauza, mwina ali ndi mtundu wina wosathamangitsa munthu. Anandiyankha kuti munthu safa ndi miyendo, kuti Idi ikapita apuma kugulitsa mwezi wathunthu n'kumwa yonse mpaka Sisita adabwe, ndipo kuti ndikayerekeza kutsegula wailesi yanga pa nkhani iyi ndikagona kwa bambo anga tsiku lomwelo. Atatero anaima n'kugwira mtengo wa m'mbali mwa msewu, ndipo ndinamva mpweya wawo ukulira m'chifuwa ngati madzi akuyamba kuwira. Ine amene ndinauza depoti yonse za ngongole ya mano a golide a mkazi wa sitesheni masitala, ndinatseka pakamwa.

Idi sanaifikire ali chiimire. Lolemba lina m'mawa akuti anyamule mphika anangokhala pansi, milomo yatuwa, mawu osatuluka. Anansi anaitana yeloyelo, kanjinga kamoto ka mawilo atatu, ndipo ine pothamanga sindinaiwale khadi lachikasu, chifukwa Sisita ankati khadi ndi moyo wa wodwala. Anawagoneka m'wodi ya amayi. Namwino wa m'wodimo anatenga khadi lija n'kukopera zonse papepala la kumiyendo kwa bedi, inayi yoyera, wapinki wamkulu, iwiri yachikasu, adokotala n'kuwonjezera jakisoni. M'wodi mulibe zoti ndimwa kenako. Namwino amaima pomwepo ndi kapu ya madzi mpaka umeze. Azakhali anayang'ana mibulu ili m'dzanja, anandiyang'ana ine, n'kumeza yonse. Akanakana bwanji, mayi wa 100 wozungulizidwa ndi chofiira?

Ine mumtima ndinati Mulungu ndi wamkulu, tsopano akumwa ndipo palibe wachita manyazi. Ndinkaona ngati bodza lathu latha lokha popanda wolipira.

Masiku awiri oyamba zinaoneka choncho. Ndinkangokhalira kutaya beseni la mkodzo. Miyendo inaphwa, khungu linachita makwinya, ndipo Lachitatu azakhali anaona akakolo awo koyamba chaka chino n'kuwapatsa moni ngati alendo. Anakhala tsonga, anadya, anandifunsa za m'wodimo. Ndinali nazo kale. Mayi wa bedi la pawindo ankamubwerera amuna awiri, wina m'mawa wina madzulo, aliyense akudzitcha mwini wake. Azakhali anati ndichepetse mawu, koma anafunsa kuti wokongola ndi uti.

Lachinayi anayamba kusanza. Akati adzuke maso ankachita mdima. Lachisanu beseni linakhala louma kuyambira m'mawa mpaka masana, ndipo ine wopusa ndinaganiza kuti madzi atha, achira. Koma anayamba kunditcha Mahama, dzina la bambo anga, n'kumandiuza kuti ndikatsekere mbuzi. Anamwino anayamba kuyenda mofulumira. Anawatenga magazi kawiri.

Masana amenewo ndinaona a Abukari ndi Sisita Dzifa ataima pakhonde la wodi, pepala lili m'manja. Pali thanki yamadzi pamenepo, ndipo kuseri kwake kumakwana munthu wa msinkhu wanga, ndinali nditayesapo kale pa nkhani ya mayi wa pawindo. Adokotala ankati sakumvetsa. Impso zaima, magazi akuyenda mofooka kwambiri, ngati munthu amene thupi lake silinaonepo mankhwalawa ndiye wawamwa onse tsiku limodzi. Koma mayiyu wakhala pa muyeso womwewu kunyumba popanda vuto. Sisita anati khadi silinama, amawerenga yekha ndi dzanja lake, ndipo mayi ameneyu sanaphonyepo. Adokotala anati ndiye kuti pali china chimene sakuchiona, ayambe kufufuza matenda ena.

Sindikudziwa kuti miyendo yanga inaganiza liti. Ndinangopezeka ndanyonyomala pamaso pawo.

"Samamwa," ndinatero. "Chiyambire. Lachisanu lokha, umodziumodzi. Yotsala ndimataya ndine m'chimbudzi."

Sisita anati ndikunama, mabotolo ankabwera ndi nambala yake yeniyeni. Ndinamuuza kuti 35 kuchotsa 28, ndipo ikakhala inayi patsiku yotsala ndi 28. Anandifunsa kuti wandiphunzitsa ndani, ndinati ndinamva pabenchi pake pomwe. Anakhala pansi pa khonde penipenipo, yunifolomu yoyera ili pafumbi. Adokotala sanandikalipire. Bola akanandimenya. Anangothamangira m'wodi, ndipo ndinawaona pawindo akukhwatcha pepala la kumiyendo kwa bedi mzere ndi mzere.

Atabwerako anandifunsa chifukwa chake, ndipo ndinanena zonse, za benchi ya madalaiva, za chidebe, za a Afa Seidu ndi mbewu. Pa za mbewuzo Sisita anaphimba kumaso. Adokotala anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anayankhula motsitsa ngati akudziuza okha.

"Kamodzi kaja kanali kokwanira. Tikanangosintha nthawi yomwera. Ine ndimawonjezera mankhwala a munthu amene kulibe."

Ndinafunsa ngati achire tsopano poti zadziwika. Anandifotokozera mosabisa, mwina poona kuti masamu ndimawatha. Mtima ukufuna madzi achoke, koma ochotsa madzi ndi impso, ndipo impso zapsa. Akapereka mankhwala amalizitsa impso, akapanda kupereka madzi akwera m'mapapo. Makina otsuka magazi alipo, koma mtima wofooka chotere sungapirire pamakinapo. Anati tidikire masiku angapo, nthawi zina impso zimadzuka.

Tinadikira masiku asanu ndi anayi. Zinadzuka pang'ono chabe, beseni linkanyowa pansi pokha. Nzeru za azakhali zinabwerera, koma miyendo inayambanso kutupa, tsopano mpaka m'mimba. Amayi a pa depoti ankabwera awiriawiri ndi zakudya zimene wodwala sankaloledwa kudya, amanyonyomala, amapereka moni, potuluka n'kumanong'onezana. Ndinamva awiri akukambirana za amene angakhale magajiya. Nkhani yotere kale ndikanathamanga nayo. Ndinangokhala.

Azakhali anazindikira okha. Anaona kuti mibulu yasanduka umodzi ndi theka, ndipo Sisita Dzifa, amene si wa m'wodi, ankabwera tsiku lililonse kudzawakonzera pilo osayang'ana kumaso. Tsiku lina masana atachoka, anandikodola ndi chala.

"Wailesi. Waulutsa."

Ndinagwada pambali pa bedi n'kuvomera. Ndinkadikira za kamtolo ndi kwa bambo anga. Anasaka mpweya, kenako anafunsa ngati a Afa Seidu amva. Ndinati ayi. Anafunsa ngati Iddrisu wamva. Ndinati ayi, palibe wa pa depoti akudziwa, ndipo chimenechi chinali choona. Anatseka maso n'kunena kuti ndiye bola. Za kundibweza sanazitchule, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Anangoika dzanja lawo lotupa pamutu panga, lolemera ngati mwala, mpaka anagona.

Bambo anga anafika Loweruka ndi basi yoyamba. Anayankhula ndi adokotala nthawi yaitali pakhonde, ndipo ulendo umenewu sindinapite kuseri kwa thanki. Atatuluka anandiuza kuti ndikamange katundu wa azakhali, tikupita kumudzi. Ndinafunsa kuti nanga mphika ndi makapu. Anati ndipatse anansi asunge. Munthu wa mtawuni akamutengera kumudzi ali chigonere, aliyense amadziwa chimene akukachita, ndipo amayi a m'wodi anatitsanzika ndi mawu ofewa amene sindinawakonde. Mayi wa pawindo anandipatsa lalanje.

Tisananyamuke ndinapita patebulo la Sisita kukatenga mankhwala. Linali tsiku lopanda benchi, khonde lonse mbee. Kathireyi ndi kamtengo zinali pomwepo koma sanazigwire. Anangotapa mibulu ndi supuni n'kuthira m'botolo limodzi, osawerenga. Anati theka m'mawa, ndipo akakana ndisawakakamize. Analemba pang'ono pakhadi, anandipatsa, kenako anandigwira dzanja ngati akufuna kunena kanthu. Chimene chinatuluka n'chakuti ndiziwagoneka motsamira.

Bambo anabwereka galimoto ya mnzawo yonyamula zilazi. Tinayala matiresi kumbuyo, matumba a mawere kumsana, azakhali n'kutsamira. Bambo anakhala kutsogolo. Msewu wa kumudzi umadutsa pa depoti, ndipo tikuyandikira azakhali anati ndiwafunditse mpango kumaso mpaka tidutse. Ndinawafunditsa. Ine ndinayang'ana. Pamalo pathu panali kale tebulo la munthu wina, la buledi ndi tiyi, ndipo madalaiva anali pamzere. Sindinawauze, iwonso sanafunse.

Titatuluka m'tawuni, nyumba zitayamba kutalikirana, anachotsa mpango okha. Mpweya unkalira. Anaona khadi lachikasu lili m'dzanja langa.

"Alemba kuti tibwere liti?"

Ndinatsegula. M'munsi mwa ma 100 anayi ozungulizidwa aja munali mawu a Sisita a theka la m'bulu, ndipo pamzere wa tsiku lobwera panalibe chilichonse. Ndinayang'ana kuseri, mwina analemba kumeneko. Kunalibe. Lachitatu la milungu inayi ndinkalidziwa, ndikanatha kulitchula ndi deti lake lomwe, ndipo akanandikhulupirira chifukwa wowerenga pakhomo pathu ndine.

"Sanalembe, Azakhali."

Anagwedeza mutu pang'ono ngati munthu amene wauzidwa mtengo umene ankauyembekezera. Anayang'ana minda ikudutsa. Patapita nthawi anati ndiwauze nkhani iliyonse, ya aliyense, njira ndi yaitali. Ndinasakasaka m'mutu monse, ya mayi wa pawindo, ya mphete ya Sisita, ya anamwino ndi chakudya cha adokotala, koma zonse ndinali nditawauza kale. Galimoto inasiya tala n'kulowa msewu wafumbi, ndipo ndinawagwira mapewa kuti asagwe pa matumba.